Kulembetsa dzina la bizinesi ku Oregon: zoyenera kudziwa musanapachike chikwangwani

Abale athu amene mukuyamba timabizinesi ku America, kaya ndi kukolopa m'maofesi, kuluka tsitsi kapena kusamalira okalamba, pali kapepala kamodzi komwe ambiri amakakumbukira atafika kale ku banki. Mwalandira cheke cholembedwa dzina la bizinesi yanu, koma a banki akukana kuchilandira chifukwa dzinalo silikupezeka m'kaundula wa boma. Kumeneko dzina la bizinesi lomwe si dzina lenileni la mwini wake amalitcha assumed business name, ena amangoti DBA (doing business as). Malamulo ake amasiyana chigawo ndi chigawo, choncho lero titenge chitsanzo cha Oregon.

Lamulo la ku Oregon, mutu 648 wa malamulo awo, likufuna kuti aliyense wochita malonda ndi dzina lomwe si lake lenileni alilembetse. Tiyerekeze kuti inu ndinu Grace Banda. Mukalemba "Grace Banda Cleaning" pa galimoto, simukakamizidwa kulembetsa, chifukwa aliyense akuona mwini wake. Koma mukalemba "Madalitso Cleaning", lembetsani. Apa ndi pomwe ena amapunthwa: mawu ngati "& Sons" kapena "& Company" akusonyeza kuti pali eni ake ena omwe sanatchulidwe, ndiye nawonso amafuna kulembetsa, ngakhale "ana" otchulidwawo akadali ku pulayimale.

Ntchitoyi imachitikira ku Corporation Division, nthambi ya ofesi ya boma la Oregon yotchedwa Secretary of State, ku Salem, likulu la chigawochi, ndipo mutha kuimaliza pa intaneti muli pakhomo. Yambani mwafufuza m'kaundula wawo ngati dzina lomwe mwasankha silinatengedwe. Fomu imafuna dzinalo, mtundu wa ntchito yomwe mumachita, adiresi ya bizinesi, mayina ndi maadiresi a eni ake onse, komanso munthu mmodzi woyimira bizinesiyo, yemwe makalata a boma azifikira kwa iye. Malipiro ake ndi madola 50. Oregon ili ndi maboma ang'onoang'ono 36 omwe amawatcha county, ndipo fomu imafunsa komwe mudzagwire ntchito. Ine ndimalangiza kusankha onse, poti mtengo wake susintha ndipo makasitomala sawona malire.

Tsopano mvetsetsani chomwe pepalali silichita, chifukwa ndi pomwe ambiri amadzinamiza. Kulembetsa sikukupatsani umwini wa dzinalo. Cholinga chake ndi choti wogula, wobwereketsa ndalama kapena wokadandaula kukhoti adziwe munthu yemwe ali kuseri kwa chikwangwanicho. Ufulu pa dzina umachokera ku kuligwiritsa ntchito pa malonda ndi ku malamulo a trademark (oteteza mayina ndi zizindikiro za malonda), omwe ndi nkhani ina. Komanso pepalali silisandutsa bizinesi yanu kukhala kampani. Ngongole ya bizinesi ikadali ngongole yanu, ndipo galimoto ndi ndalama zanu za ku banki zitha kugwidwa. Wofuna kulekanitsa chuma chake ndi cha bizinesi aganizire zotsegula LLC, mtundu wa kampani yomwe ngongole zake zimakhala zake osati za mwini wake.

Dzina lolembetsedwa ku Oregon limakhala zaka 2, kenako mumalipiranso madola 50 kuti lipitirire. Boma limatumiza kalata yokumbutsa, koma imapita ku adiresi yomwe munalemba poyamba paja. Ife timasamuka pafupipafupi, lendi ikakwera tanyamuka, ndiye kalatayo imakagwera m'bokosi la munthu wina n'kutayidwa pamodzi ndi mapepala otsatsa malonda. Mukangosamuka, kasintheni adiresi m'kaundula sabata yomweyo, ndipo tsiku lomwe dzina lidzathe mulisunge mu foni. Mukalekerera, dzinalo limachotsedwa pa mndandanda wa mayina ogwira ntchito ndipo wina atha kulitenga. Choopsa china n'chakuti wochita malonda ndi dzina losalembetsa sangasumire mnzake kukhoti m'dzina la bizinesiyo mpaka atalembetsa. Kasitomala wakudyerani ndalama za miyezi itatu, inu mukuyamba mwathamangira mafomu.

Ngati mukukhala chigawo china, musakopere za ku Oregon. Ku Texas pepala lotere limatha kukhala zaka 10, ndipo wochita bizinesi payekha amakalembetsa kwa kalaliki wa county. Ku Illinois nakonso amapita kwa kalaliki wa county, koma amayeneranso kulengeza dzinalo m'nyuzipepala kamodzi pa sabata kwa masabata atatu otsatizana, n'kubweretsa umboni wake ku ofesi.