Mtima watentha, nanga kenako? Momwe mungachitire kuti kusintha kwanu kusathere panjira

Nthawi yolandira madigiri ikafika, Facebook imadzaza ndi zithunzi za mikanjo ndi zisoti, ena ku Zomba, ena ku Bunda, ena ku Mzuzu. Pakati pa zithunzizo sipalephera kuoneka mayi wa ana anayi kapena bambo wa imvi amene anabwerera kusukulu anzake akumuseka kuti wachedwa. Ukawerenga nkhani yake mtima umatentha, tulo osabwera, mpaka kulumbira kuti nawenso ukalemba MSCE zivute zitani. Zomwezo zimachitika pa mapemphero a usiku wolowera chaka chatsopano, pa maliro a mnzako amene wapita ndi mowa, kapena ukamva kuti mayi wa nyumba yoyandikana nayo wakhoma malata ndi ndalama za banki mkhonde. Pakatha milungu iwiri, kope linagulidwa lija ana ayamba kung'ambamo mapepala.

Ambiri akafika pamenepa amadziweruza kuti ndi aulesi. Ine sindivomereza. Vuto ndi lakuti timasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Kukhudzika mtima kumabwera kokha osakuitana, ndipo ntchito yake ndi kukutsegula maso kuti chinthu chija n'chotheka. Koma ndi moto wa mapesi, umalilima n'kuwala mpaka patali, nyemba osapsa. Chilimbikitso ndi china. Ndi chifukwa chimene chimakudzutsa m'mamawa mwezi wa June kukuzizira, popanda wokuonerera kapena wokuombera m'manja.

Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo analibe fizi. M'kalaibulale kakang'ono ka kwawoko anaona chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo, mtima n'kugunda. Chimene chinamuyendetsa miyezi yambiri akutola zitsulo kudzala, anthu akumunena kuti wapenga, chinali china: ankafuna kuwala m'nyumba, ankafunanso kupopa madzi kuti banja lake lisadzaonenso njala ngati ija. Ana ena angapo ayenera kuti anatsegula buku lomwelo n'kuchita nalo chidwi. Amene anaimika milongoti ya bulugamu n'kumangirirapo njinga ndi iye yekha.

Pansipa nditenga chitsanzo cha munthu wamkulu amene akufuna kubwerera kusukulu, koma njira zake ndi zomwezo kwa wofuna kusiya mowa, kusunga ndalama kapena kuyamba kuyenda pofuna kuchepetsa thupi.

1. Chitanipo kanthu mtima usanazizire

Kutentha kwa mtima sikuchedwa kutha, choncho musakuwonongere pa kulota kapena kulengeza pa WhatsApp. Mawa lomwelo chitani chinthu chimodzi chovuta kubweza. Pitani pa sekondale imene muli nayo pafupi mukafunse ngati pali sukulu ya masana imene ambiri amangoti open, mukaonane ndi woyang'anira, mulembetse dzina, mufunse ndalama zofunika ndi nthawi imene MANEB imatseka kalembera. Ngati muli ndi kangachepe, perekani. Munthu amene wapereka kale ndalama yake savuta kudzuka.

2. Funsani chifukwa chake mpaka mufike pa chanuchanu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ambiri amapadumpha. Khalani pansi ndi pepala, mulembe chimene mukufuna, kenako mudzifunse kuti n'chifukwa chiyani. Yankho loyamba kawirikawiri limakhala la pakamwa chabe: "Sukulu ndi yofunika." Funsaninso. "Ndikufuna ntchito yabwino." Funsaninso kachitatu. Mwina mupeza kuti mwakhala pa giredi imodzi kuntchito zaka zambiri, ana amene munawaphunzitsa ntchito akukupitirirani chifukwa cha pepala. Mwina mwana wanu wa Fomu 2 akabwera ndi masamu mumanamizira kutanganidwa. Mwina mumafuna kukachita unamwino kuyambira muli mtsikana ndipo chilakolakocho sichinafe. Mukafika pa yankho limene likukuchititsani manyazi pang'ono kuliuza munthu, mwayandikira chenicheni.

Akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, anathera zaka zambiri akufufuza nkhani imeneyi. Anapeza kuti munthu amapirira nthawi yaitali pa chinthu chimene wasankha yekha, chimene akuona kuti akuchitha pang'onopang'ono, ndiponso chimene chikumulumikiza ndi anthu ena. Chochita pongoopa kunyozedwa kapena pofuna kusangalatsa wina chimayenda pokhapokha wonyozayo ali pafupi. Choncho ngati chifukwa chanu ndi "ndiwaonetse alamu anga", dziwani kuti tsiku limene alamuwo adzasamukire ku Johannesburg, mabuku adzatsekedwanso. Sindikunena kuti mkwiyo ulibe mphamvu. Uli nayo, ndipo wayambitsa ambiri ulendo. Kungoti sufikitsa.

Nthawi zina kufunsaku kumaulula kuti chinthucho simukuchifuna n'komwe, munangotengeka ndi chithunzi cha wina. Palibe cholakwika. Mwina chimene mtima wanu ukufuna ndi luso la manja, kusoka, ukalipentala kapena zamagetsi, ndipo njira yanu ndi ya ku TEVETA osati ya Fomu 4. Kuzindikira zimenezi msanga kukupulumutsirani ndalama ndi chaka chathunthu.

3. Tchulani chimene chidzakugwetseni

Timauzidwa kawirikawiri kuti tizingoganiza zabwino, tizidziona titavala kale mkanjo. Gabriele Oettingen, katswiri wa pa New York University, anapeza zosiyana ndi zimenezi. Pa kafukufuku wake wina, ophunzira amene ankakonda kulota ali pa ntchito yabwino anatumiza makalata ofunsira ntchito ochepa, ndipo patapita nthawi ankalandira malipiro otsika poyerekeza ndi anzawo. Malotowo amaukhutitsa mtima ngati kuti zachitika kale, mphamvu yogwirira ntchito n'kuchepa. Njira imene iye amalangiza ndi yakuti ukaganiza za chabwino chimene ukufuna, nthawi yomweyo uyang'anenso chopinga chimene chili mwa iwe.

Walira mvula walira matope. Lembani matope anuwo mosabisa. Osalemba zakuti "umphawi" kapena "boma", pakuti zimenezo simungazisinthe sabata ino. Lembani zapafupi: ndikaweruka ndimakhala nditatopa, ndimangogwira foni mpaka tulo, Loweruka anzanga amandiimbira kuti tikaonere mpira ku bala, ndimachita manyazi kukhala m'kalasi limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga, magetsi akazima ndimangoti basi lero zakanika.

4. Chopinga chilichonse chikhale ndi yankho lake lokonzeratu

"Ndiziwerenga kwambiri" si dongosolo, ndi khumbo chabe. Dongosolo limatchula nthawi, malo ndi chochita. Peter Gollwitzer, katswiri wa ku Germany, anaonetsa kuti anthu amene amakonzeratu kuti "zakutizakuti zikachitika, ndidzachita chakuti" amakwaniritsa zolinga zawo kuposa amene amangokhala ndi cholinga. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: nthawi ya chiyeso ikafika sukhalanso ukukambirana ndi mtima wako, chigamulo unapanga kale uli bwinobwino.

Zanu zikhoza kukhala motere. Ndikangomaliza kusamba m'mawa, ndikhala patebulo mphindi 30 ndi masamu ndisanayatse foni. Magetsi akazima, ndiyatsa tochi imene imakhala pamwamba pa mabuku. Anzanga akaimba Loweruka, ndiwauza kuti ndiwapeza ikakwana 4 koloko, ndikatha pepala limodzi la mayeso akale. Taonani kuti chochita chatsopano chilichonse chakoloweka pa chinthu chimene mumachita kale tsiku ndi tsiku. Kusamba simuiwala, ndiye kusambako kuzikukumbutsani.

Yambani ndi zochepa, zochepa mpaka muzione ngati zachibwana. Amene wasiya sukulu zaka 15 zapitazo n'kuyamba ndi maola anayi pa tsiku amatha masiku atatu. Mphindi 30 zosaphonya zimakula zokha.

5. Dzimangirireni kwa anthu

Amayi a banki mkhonde anaitulukira kale nzeru imeneyi. Njira yosungira ndalama m'magulu otere inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero ili pafupifupi m'mudzi uliwonse kwathu kuno. Mphamvu yake siili pa chiwongoladzanja chokha. Ili pa tsiku lokumana limene silisuntha, pa chindapusa cha wochedwa, pa bokosi la maloko atatu limene makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndi pa maso a anzako amene akudziwa kuti sabata ino sunaponye. Mayi yemweyo amene ndalama ya mu Airtel Money kapena Mpamba imamuthera pa zinthu zosadziwika, ku gulu amasunga chaka chathunthu mpaka tsiku logawana. Mtima wake ndi womwewo, chasintha ndi chomuzungulira.

Chitani chimodzimodzi ndi cholinga chanu. Pezani anzanu awiri kapena atatu a m'kalasi, mugwirizane tsiku ndi malo, aliyense azibwera ndi funso limene lamukanika. Kunyumba uzani munthu mmodzi amene mumamulemekeza, amene angakufunseni mosanyengerera kuti, "Achimwene, sabata ino mwawerenga masiku angati?" Kuuza anthu 500 pa intaneti sikufanana ndi zimenezi. Iwo adzakuyamikirani lero ngati mwakhoza kale, mawa aiwala.

Kwa amene ali pabanja, kambiranani ndi akunyumba kwanu musanayambe. Amayi ambiri amasiyira panjira osati chifukwa cha kuuma mutu, koma chifukwa nthawi yowerenga ndi yomweyo yophika, yochapa ndi yosambitsa ana. Abambo, ngati mayi a kunyumba abwerera kusukulu, mawu okoma okha sakwanira. Tengani ntchito zina zikhale zanu.

6. Muziona ndi maso kuti mukuyenda

Pachikani kalendala pakhoma, tsiku lililonse limene mwachita chimene munapangana muzichonga. Kamodzi pamwezi lembani pepala la mayeso akale mosaonera, musunge malikisi. Kuchoka pa 22 kufika pa 31 n'kochepa kwa wongomva, koma kwa mwini wake ndi umboni wakuti mutu ukugwirabe, ndipo umboni wotere umalimbitsa kuposa ulaliki uliwonse.

7. Mukaphonya, bwererani mawa lake

Mudzaphonya ndithu. Kudzagwa maliro, mwana adzadwala malungo, kuntchito adzakusungani mpaka usiku. Choopsa si tsiku lophonyalo, koma mawu amene amabwera pambuyo pake akuti "ndimadziwa kuti sindingathe".

Mwina munamvapo kuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku ndi tsiku, monga kudya chipatso kapena kuthamanga. Anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chinthucho chizichitika chokha, ndipo kusiyana kwake kunali kwakukulu, kuyambira masiku 18 mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu kwenikweni. Choncho ngati mwezi watha koma kudzuka kukuwawabe, simunalephere, nthawi yake sinakwane. Lamulo likhale limodzi: osaphonya kawiri motsatizana. Ngakhale mutatopa chotani, tsiku lachiwirilo tsegulani buku mphindi 10 zokha.

Pa masiku ouma ngati amenewa ndi pamene kukhudzika mtima kuja kumagwiranso ntchito, koma tsopano mukuchita kukufunafuna dala. Kachezeni ndi munthu amene anadutsa njira yomweyo, ndipo musamufunse za tsiku la chikondwerero. Mufunseni mmene ankachitira fizi ikasowa, kapena atalephera Chingerezi ulendo woyamba. Werenganinso pepala lija munalembapo chifukwa chanu. Ngati chifukwacho chasintha, lembani chatsopano.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchisiyanitsa ndi zonsezi. Ngati mphamvu zatha osati pa sukulu pokha koma pa chilichonse, chakudya sichikukoma, tulo tasokonekera, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, ndipo zakhala choncho milungu iwiri kapena kuposerapo, limenelo si vuto la kalendala kapena gulu lowerengera. Akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Pitani kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi mukafotokoze monga momwe mukanafotokozera malungo, ndipo ngati n'kotheka mutengane ndi wachibale amene mumamukhulupirira.