Laputopu yakale ija musaitaye, ipangireni ng'oma zamagetsi

Pansi pa bedi panga panakhala laputopu zaka zitatu, ya Core 2 Duo, RAM 2GB, Windows 7, imene ukatsegula Facebook basi fani imayamba kulira ngati chigayo. Mphwanga ankati tingoigulitsa kwa okonza mafoni achotsemo zida. Lero ndi imene ikulira ng'oma mu kasitudiyo kathu, ndipo ng'omazo tinapanga tokha ndi zivindikiro za zitini. Nkhani yake ndi yakuti ng'omazi zimatumiza MIDI ku laputopu, ndipo MIDI si phokoso ayi, ndi kauthenga chabe konena kuti wamenya ng'oma iti komanso mwamphamvu bwanji. Inayamba mu 1983, ndipo kompyuta ya Atari ST ya 1985, ina yake inali ndi RAM ya 512KB yokha, inkabwera ndi mabowo a MIDI ndipo anthu ankapangira nyimbo. Ndiye yanuyo ya 2GB ilephera bwanji?

Zofunika ndi izi: Arduino Nano kapena Uno (kabolodi kamagetsi kamene kamamva kumenya n'kutumiza uthenga ku laputopu), ma piezo anayi (tizitsulo tozungulira tamkuwa tija timapezeka mu ma buzzer ndi mu zidole zolira), ma resistor anayi a 1 megaohm, mawaya, soldering iron, zivindikiro za zitini, labala wa chubu ya tayala, siponji ndi thabwa. Musaiwale kebulo ya USB yodutsa data, chifukwa zina nzongotchajira, ine ndinataya tsiku lathunthu ndikutukwana Arduino pomwe wolakwa anali kebulo.

Yambani ndi kompyuta musanagwire waya uliwonse. Chotsani zonse zodzuka zokha ikamayaka, ikani Arduino IDE (pulogalamu yolembera khodi n'kuitumiza ku Arduino) ya 1.8.19, osati ya 2 chifukwa imeneyo imafuna Windows 10 ya 64-bit. Ma Nano otchipa ambiri ali ndi kachipu ka CH340, ndiye mufunika driver yake, apo ayi kompyuta siiona n'komwe. Mukaika, tsegulani Device Manager muone kuti yapatsidwa COM nambala chani, lembani pa pepala. Yesani kutumiza kapulogalamu ka Blink, kagetsi kakayamba kuphethira ndiye kuti zili bwino. Ikakana, pitani pa Tools, Processor, musankhe ATmega328P (Old Bootloader), nthawi zambiri vuto limakhala lomweli.

Kenako ng'oma zenizenizo. Matani piezo pansi pa chivindikiro, mbali ya mkuwa ndi imene ikhudze chitsulo, pamwamba pa chivindikiro matani labala, pansi ikani siponji kenako thabwa. Waya wofiira wa piezo upite pa phini ya Arduino yolembedwa A0, wakuda pa yolembedwa GND, resistor ija ilumikize mawaya awiriwa ngati mlatho. Ng'oma yachiwiri pa A1, yachitatu A2, choncho. Powotcha mawaya pa piezo muchite changu, kambali koyera kaja kamasupuka mukachedwetsa moto, ine ndinaononga atatu ndisanaphunzire. Ngati mungapeze zener diode ya 5.1V ikani pambali pa resistor, mbali ya kamzere iloze ku A0, poti piezo ukaimenya mwaukali imatulutsa mphamvu yoposa 5V, pomwe Arduino imalola 5V yokha.

Siponjiyo musaipeputse. Poyamba ndinakhomera zivindikiro zonse pa thabwa limodzi popanda kanthu pansi, ndikamenya kick, snare nayo imayankha, hi-hat nayo imalowerera ngati anthu a pa msonkhano wa mudzi. Kunjenjemera kumayenda m'thabwa. Ng'oma iliyonse ikhale pa siponji yakeyake ndipo zisagundane.

Tsopano khodi, musaope siyaitali. Khodi ya Arduino ili ndi magawo awiri, setup imene imayenda kamodzi poyamba ndi loop imene imangobwerezabwereza. Mu setup lembani Serial.begin(115200). Mu loop muwerenge analogRead(A0), imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 1023. Ikaposa malire amene mwaika, yambani ndi 80, tumizani manambala atatu ndi Serial.write: 153, kenako nambala ya ng'oma, kenako mphamvu yake. 153 akutanthauza note on (yamba kulira) pa channel 10, imene General MIDI inasungira ng'oma. Kick ndi 36, snare 38, hi-hat yotseka 42, crash 49. Mphamvu ya MIDI imathera pa 127 ndiye gawani zomwe mwawerenga ndi 8. Pakangopita kanthawi tumizani 137, nambala yomweyo ya ng'oma ndi 0 kuti note itsekeke.

Apa mpamene ambiri amagwa. Piezo ukaimenya kamodzi imapitiriza kunjenjemera, ndiye Arduino imaona ngati wamenya kasanu, kumamveka trrrr m'malo mwa du. Mankhwala ake ndi kuuza khodi kuti ikamva kumenya, ng'oma imeneyo isaimverenso kwa ma millisecond 30 kapena 40. Gwiritsani millis() posunga nthawi ya ng'oma iliyonse, osati delay(), chifukwa delay imaimitsa zonse ndipo mukamenya ziwiri pakamodzi ina imasowa. Komanso musatenge nambala yoyamba kudutsa malire, pitirizani kuwerenga ma millisecond awiri kapena atatu mutenge yaikulu kwambiri, mukatero kumenya pang'ono ndi kumenya mwamphamvu zimasiyana bwinobwino, ng'oma imakhala ndi moyo.

Nano payokha kompyuta imaiona ngati serial port osati chida cha MIDI, ndiye pafunika omasulira awiri, onse ndi aulere komanso aang'ono sakudyerani bandulo. Woyamba ndi loopMIDI, tsegulani mudine pa + ipange port yatsopano. Wachiwiri ndi Hairless MIDI, kumanzere sankhani COM yanu ija, kumanja pa MIDI Out sankhani port ya loopMIDI, liwiro likhale 115200 mofanana ndi la mu khodi. Chongani pa Debug mumenye chivindikiro, mizere ikamatsika ndiye kuti mwafika. Kumbukirani kuti COM imalola pulogalamu imodzi yokha, mukafuna kusintha khodi zimitsani kaye Hairless, Serial Monitor nayo ikhale yotseka. Amene angapeze Arduino Leonardo kapena Pro Micro, ya chipu cha ATmega32U4, safunika zonsezi, ndi library ya MIDIUSB imaoneka ngati chida cha MIDI mukangoilowetsa.

Mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo ija ambiri timangoti Fruity Loops, dinani F10, pa MIDI sankhani port ya loopMIDI mudine Enable, tsegulani FPC, plugin yake ya ng'oma. Pa makina akale ikani version yakale, yatsopano iilemera. Hydrogen nayo ndi yaulere ndipo ndi ya ng'oma basi, ine ndimaikonda pa laputopu iyi.

Mukamenya phokoso n'kumabwera mochedwa, ikani ASIO4ALL, driver ya saundi, muisankhe pa Audio settings. Buffer ya 512 pa 44,100Hz imachedwetsa ma millisecond pafupifupi 12, ya 256 pafupifupi 6. Yambani ndi 256, ikamatheka-theka ngati wailesi yosagwira bwino kwezani. Zimitsani WiFi, ndipo Power Options ikhale pa High performance. Ma plugin olemera a reverb asiyeni mpaka pomikisa.

Chotsala ndi kulira kwa zzzz m'masipika. Zulani tchaja mumvetsere, kukasiya ndiye kuti nkhani ndi tchaja kapena earth ya pa soketi. Musadule phini ya earth pa pulagi ngakhale wina akuuzeni, 230V si yoseweretsa. Lumikizani laputopu ndi ampu pa ekisitenshoni imodzi, zikapitirira pezani ground loop isolator, kachida kothetsa kulira kotereku, muike pakati pa laputopu ndi ampu. Laputopu yathuyi batire lake limagwira mphindi makumi awiri zokha, ndiye pojambula timazula tchaja, kumenya vesi imodzi, kusevera, n'kubwezeranso.