Mmene ndimasankhira nkhani yowerengera ana a zaka 12 mpaka 14

Ndawerengerapo ana mokweza kwa zaka zambiri, m'kalasi ndi kunyumba komwe, ndipo msinkhu umene umandipatsa ntchito posankha nkhani ndi wa zaka 12 mpaka 14. Ukawawerengera za tiana amanyansidwa, amvekere mukutiyesa makanda. Komanso mitima yawo sinakhwime moti n'kusenza zonse zimene ife akuluakulu timawerenga.

Musawerengere ana nkhani imene inuyo simunafike nayo kumapeto. Izi ndinaziphunzira mowawa. Tsiku lina ndinatenga nkhani yaifupi nditangoona masamba awiri oyamba, osadziwa kuti pakati pake bambo wa m'nkhaniyo amwalira m'chipatala. Pa benchi yachiwiri panali mtsikana amene anali atangotaya bambo ake. Anaweramitsa mutu mpaka ndinamaliza, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Imfa si yoletsedwa kwa ana a msinkhu umenewu, amaiganizira kale, ndipo nkhani yabwino imawapatsa mawu oifotokozera. Chimene ndinalakwitsa ndi kusadziwa zimene zikubwera. Ndikanamuuziratu mwanayo pambali kuti asankhe yekha kukhala kapena kutuluka.

Poyesa nkhaniyo, iwerengeni mokweza muli nokha, wotchi ili pambali. Maso amadumpha zambiri, pakamwa sipadumpha. Chiganizo chimene chakutherani mpweya musanachimalize chidzawataya ana panjira. Ine gawo limodzi sindilola kuti lipitirire mphindi 15, ndipo ndimalemba kachizindikiro ndi pensulo pamene ndidzaimire, makamaka pamene zinthu zafika pothina, kuti mawa adzandikumbutse okha.

Yang'anani msinkhu wa mwininkhani. Ana amakonda kutsatira munthu amene wawaposa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, wolimbana ndi zimene iwonso zikuwasowetsa tulo: mnzake wapamtima wamutembenukira, thupi likusintha, wachititsidwa manyazi pagulu, akuluakulu sakumumvetsa. Nkhani yokhala ndi anthu atatu kapena anayi oyankhulana pafupipafupi imamveka bwino m'khutu kuposa ya mayina khumi, chifukwa womvera sangabwerere tsamba lapitalo kuti akumbuke kuti uyu ndani.

Zimene ndimakana n'zochepa: zakugonana zofotokozedwa poyera, nkhanza zolembedwa kuti zisangalatse, ndi nkhani yolongosola njira yodziphera kapena yodzivulazira. Pa gulu simudziwa amene akumva ali ndi bala lotani.

Palinso mtundu wina umene ndimaukana, ngakhale makolo ambiri amaukonda: nkhani yomwe ndi ulaliki wovekedwa malaya. Mwana wosamvera wagwa m'mavuto, womvera wapeza zabwino, basi. Ana a zaka 13 amazitulukira pa ndime yoyamba ndipo makutu amatseka. Apatseni nkhani imene munthu wabwino walakwitsa zenizeni, mudzaona mkangano wake mukatseka buku.

Ndakatulo musaziiwale. Yaifupi iwerengeni kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono.

Mukakayika pakati pa nkhani ziwiri, werengani tsamba loyamba la iliyonse, anawo asankhe. Nkhani yosankha okha amaimvetsera ngati yawo, ndipo ikapanda kuwagwira mtima pakatha masiku awiri, ndimaisiya n'kutenga inayo.