Nyali ya Injini Ikayaka pa Galimoto Yakale: Momwe Mungapezere Vuto

Nyali yachikasu ya pa dashibodi, ija yokhala ndi chithunzi cha injini, imayaka kompyuta ya galimoto ikaona kuti zomwe masensa (tizipangizo toyeza zinthu monga kutentha ndi mpweya) akuiuza sizikugwirizana ndi momwe injini iyenera kuyendera. Galimoto zambiri zoyenda pamsewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Mulanje zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo madalaivala ambiri anazolowera kuyenda nyaliyi ili chiyakire. Ena amaimata ndi selotepi, ena amachotseratu babu lake. Mchitidwe umenewu sindigwirizana nawo mpang'ono pomwe, chifukwa vuto lomwe likanatha ndi pulagi imodzi limakula mpaka kuwononga chipangizo cha ndalama zambiri.

Choyamba, yang'anitsitsani kayakidwe kake. Mukatembenuza kiyi musanalize injini, nyaliyi iyenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Ngati siyaka n'komwe, babu linapsa kapena wina analichotsa, ndipo ogula galimoto azisamala pamenepa. Ikayaka mosalekeza koma galimoto ikukoka bwino, mukhoza kukafika kunyumba kapena kugalaja mukuyenda pang'onopang'ono. Koma ikamaphethira, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha petulo, ndipo petulo wosapsayo akulowa mu ekizozi momwe amatentha catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi) mpaka kuisungunula mkati. Zikatero chepetsani liwiro, imani pamalo abwino ndi kuzimitsa injini, makamaka ngati kutsogolo kuli zitunda ngati za ku Thyolo zomwe zimafuna mphamvu zonse za injini. Nyali yofiira ya oyilo kapena ya kutentha ndi nkhani ina: imeneyo imafuna kuti muime pomwepo.

Musanalipire munthu aliyense, tsegulani boneti injini itazizira. Onani ngati mitu ya batire yamangidwa zolimba komanso ilibe ufa woyera, popeza magetsi ofooka amasokoneza kompyuta. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikulira. Tulutsani fyuluta ya mpweya muione padzuwa, chifukwa fumbi lofiira la misewu ya m'minda ya tiyi limaitseka msanga m'chilimwe. Finyani chipaipi chakuda chochokera ku fyuluta kupita ku injini, muyang'ane ming'alu m'makwinya ake, makamaka kunsi komwe maso safika. Tsatirani mawaya ndi zala, pakuti galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga makoswe saisiya, ndipo amakonda kutafuna mawaya ang'onoang'ono a masensa. Musaiwale chitsekerero cha thanki: pa galimoto zina, chikakhala chosamanga bwino kapena labala lake litang'ambika, nyali imayaka.

Dzifunseninso kuti nyaliyo inayamba liti. Ngati inayaka mutangothira petulo wa m'zigubu, kayikirani petuloyo, chifukwa amatha kukhala ndi madzi kapena zinyalala. Ngati imayaka m'mawa wa chiperoni, kapena mutadutsa m'madzi nthawi ya dzinja, n'kuzima kukawala dzuwa, kawirikawiri chinyontho chimakhala chalowa m'makoyilo (zipangizo zotumiza magetsi ku mapulagi), m'mabowo a mapulagi kapena m'malo olumikizira mawaya.

Kenako werengani kodi, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kompyuta imasunga nambala ya vuto lomwe yaona, ndipo nambalayo ndiyo kodi. Galimoto zogulitsidwa ku America kuyambira 1996, komanso za petulo za ku Ulaya kuyambira 2001, zili ndi soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD-II, yomwe imakhala kunsi kwa chiwongolero, cha kumaondo a dalaivala. Pamenepo mumalumikiza kamakina kowerengera, monga ELM327 kamene kamatumiza uthenga ku foni kudzera pa Bluetooth, kiyi atatembenuzidwa koma injini isanalire. Dziwani kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi soketi yomweyo koma sizilankhulana ndi timakina totchipati, choncho kamakina kakalephera kuwerenga musafulumire kunena kuti kompyuta yafa. Pitani kwa makaniko wa zamagetsi amene ali ndi makina aakulu.

Toyota zakale kwambiri, monga Corolla za m'ma 1990, sizifuna makina. Mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo mkati mwa chivundikiro chake muli chithunzi cha mabowo. Kiyi atazimitsidwa, lumikizani bowo la TE1 ndi la E1 ndi kawaya kakafupi, mutsimikize kawiri kuti simunaphonye bowo, kenako tembenuzani kiyi osaliza injini. Nyali idzayamba kuphethira: ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethira kamodzi, kodiyo ndi 21, ya sensa ya okosijeni ya mu ekizozi, pomwe 22 ndi ya sensa ya kutentha kwa madzi. Ikamaphethira mofanana osapuma, palibe kodi yomwe yasungidwa. Lembani manambalawo papepala musanachite china chilichonse.

Kodi imaloza dera lomwe vuto lili, siitchula chipangizo choti mugule. Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Pa galimoto za OBD-II, makodi P0301 mpaka P0304 akutanthauza kuti silinda yoyamba mpaka yachinayi ikuphonya. Musagule makoyilo onse anayi. Chotsani koyilo ya silinda yomwe yatchulidwa, muisinthanitse ndi ya silinda yoyandikana nayo, mufute kodi, muyendetse galimoto. Kodi ikasamukira ku silinda inayo, koyiloyo ndiyo yafa. Ikapanda kusamuka, tulutsani pulagi muione: yakuda ndi mwaye ikusonyeza petulo wochuluka, yonyowa ndi oyilo ikusonyeza kuti oyilo akulowa momwe sayenera, ndipo yodyeka nsonga yangotha basi. Pulagi ndi koyilo zikakhala zabwino, otsala ndi injekita (chopopera petulo mu injini) ndi mphamvu ya silinda yomweyo, zomwe zimafuna zoyezera za kugalaja.

P0171 ikutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Ambiri amathamangira kugula sensa ya okosijeni, pamene sensayo ikungonena zoona. Yambani ndi chipaipi chong'ambika chija, ndipo injini ikulira tcherani khutu ngati pali kaphokoso ka mpweya woyamwidwa. Kenako tsukani sensa yoyeza mpweya, yomwe ili pafupi ndi fyuluta, pogwiritsa ntchito sipuleyi yopangidwira ntchitoyo. Musakhudze kawaya kake ndi chala kapena nsalu, chifukwa n'kopyapyala kwambiri, ndipo muidikire iume musanaibwezeretse. Fyuluta ya petulo yotsekeka ndi pampu yofooka zimabweretsanso kodi yomweyi, ndipo mudzazizindikira galimoto ikamafooka pachitunda.

P0420 imanena za catalytic converter. Pa galimoto yakale mwina yathadi, mwina inachotsedwa kale, koma onani kaye ngati ekizozi sikutulutsa utsi pamalo obooka, ndipo konzani vuto la kuphonya kwa silinda musanaike ina, apo ayi yatsopanoyo idzapsanso.

Mukakonza, futani kodi ndi makina. Kuchotsa waya wa batire kumazimitsanso nyali pa galimoto zambiri zakale, koma kumafuta umboni wonse, choncho makaniko amene wangozimitsa nyali osakuuzani nambala mufunseni akuonetseni. Yendetsani galimoto masiku angapo m'misewu yosiyanasiyana, ya mtauni ndi ya zitunda, chifukwa makodi ena amabwerera pokhapokha kompyuta ikaona vutolo pa maulendo awiri. Nyali ikayakanso, werenganinso kodi muiyerekeze ndi yomwe munalemba: ikakhala yomweyo, fufuzani mawaya ndi polumikizira pa dera limenelo musanagule chipangizo china, ndipo popita kugalaja tengani pepalalo.