Nsalu ya kunsi ikayamba kupaka utoto pa quilt yanu

Quilt, chofunda chosokedwa polumikiza zigamba, ili ndi zigawo zitatu: zigamba za pamwamba, wadding (chofewa chonga thonje chopatsa kufunda) pakati, ndi nsalu ya kunsi. Ya kunsiyi ndi imene ambiri amayala osachapa, poti ndi yaikulu, yangochoka kumene m'sitolo ku Kamwala, ili gwa ndi sitachi ndipo imayalika bwino pansi. Koma chitenge chofiira, chakuda kapena cha buluu woderako nthawi zambiri chimabwera ndi utoto wotsalira umene sunagwire ulusi. Utotowo umayenda m'njira ziwiri. Pali wochoka ndi kukhuzana chabe nsalu ili youma, ndiye pali wosungunuka ukakumana ndi madzi, thukuta kapena nthunzi ya ayironi. Posoka pa makina, woyambawo ndiwo umavuta: nsalu ya kunsi imakwekwereza pabedi la makina (pamalo osalala pogona nsalu), ndipo mukapinda quilt kuti ilowe kukhosi kwa makina (mpata wa pakati pa singano ndi thupi la makina), kunsi kumagona pa zigamba zoyera za pamwamba.

Musanadule chilichonse, yesani nsaluyo. Kulungani kansalu koyera ka thonje pachala, mukhuze mwamphamvu kakhumi pamalo oderapo kwambiri. Bwerezani ndi kansalu konyowa. Kenako dulani kachidutswa ka masentimita 5, kaikeni m'tambula ya madzi otentha okhala ndi dontho la sopo wotsukira mbale, kakhale mphindi 30, mukatulutse n'kukagoneka pansalu yoyera mpaka kaume. Madzi kusintha mtundu si umboni wokwanira ayi. Chofunika n'kuona ngati nsalu yoyerayo yatenga mtundu.

Ikatenga, chapani nsalu yonse payokha. Yambani mwamatula kapepala komatidwa pachitenge, ndipo sokani zigizagi m'mbali zodulidwa kuti zisayoyoke. Vikani m'madzi otentha pafupifupi madigiri 60, ochuluka moti nsalu iziyandama, mutaye, muike ena, mpaka kansalu koyera kamene mwaponyamo katuluke koyera. Nsalu zina zimafuna maulendo atatu kapena anayi. Thonje limafupika pochapa, kawirikawiri masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse, choncho gulani yoposerapo kuti ikauma ipitirire zigamba ndi masentimita 10 mbali zonse zinayi. Nsalu imene ikupakabe itachapidwa kasanu isapite kunsi kwa quilt yoyera, muisungire ntchito ina.

Za mchere ndi viniga, zisiyeni. Mchere umagwira ntchito pa nthawi yonika nsalu, viniga amathandiza pa ubweya ndi silika, koma palibe chimene chimamanga utoto pathonje lonikidwa kale. Anthu amaona ngati zathandiza chifukwa madzi amene anavikamo ndiwo achotsa utoto wotsalira.

Nanga ngati mwazindikira muli kale pakati pa ntchito? Imani kaye, muyang'anitsitse pafupi ndi zenera. Timadontho tamtundu totsatana ndendende m'mabowo a singano nthawi zambiri si utoto, ndi ulusi wa m'bobini umene ukukokedwera pamwamba. Masulani pang'ono tenshoni (kukungika) ya ulusi wa pamwamba, ikani singano yatsopano, muyese pachigamba. Utoto weniweni umaoneka ngati mthunzi wofalikira, makamaka m'mapindo, m'zala zanu ndi pabedi la makina.

Ngati mwasoka mizere yochepa, phwasulani, muchape nsalu ya kunsi, muyambirenso. Zimawawa, koma tsiku limodzi lophwasula n'laling'ono poyerekeza ndi miyezi imene munathera polumikiza zigamba. Ngati mwadutsa theka, pitirizani, koma musalole chinyezi chifike pa quilt. Yalani shiti yakale yoyera pamwamba pa zigamba musanapinde, kuti kunsi kuzigona pa shitiyo. Sambani m'manja pafupipafupi n'kuumitsa bwinobwino, makamaka mu Okutobala pamene thukuta silichedwa. Musasite, ndipo musawaze madzi pofuna kufufuta mizere ya choko kapena ya peni, chifukwa kadontho kamodzi kamakoka utoto kuchokera kunsi, kudutsa mu wadding, n'kusiya bwalo pamwamba.

Makinanso amafuna kutsuka, apo ayi adzadetsa ntchito yotsatira. Chotsani phazi ndi kachitsulo ka pansi pa singano, musese mano okoka nsalu ndi kaburashi, mupukute bedi ndi kansalu konyowa ka sopo. Pamene pakana, gwiritsani sipiriti yoyera ya ku famase, mutayesa kaye pamalo obisika ngati makina ndi apulasitiki. Sipiriti yapepo ija ili ndi utoto wake, isayandikire.

Mukamaliza kusoka ndi kumanga m'mphepete, apa ndiye pofunika kudekha. Mankhwala a utoto wosochera ndi madzi ambiri, sopo ndi nthawi. Beseni lochapira silikwanira quilt ya bedi lalikulu, chifukwa utoto umene watuluka umasowa kopita n'kubwerera pansalu. Pezani bafa, dzazani madzi otentha mmene dzanja lingapirire kapena kuposerapo, sungunulanimo sopo wamadzi wotsukira mbale pafupifupi theka la kapu. Magetsi akathima, tenthetsani pambaula m'mapoto akulu, musachepetse madzi. Madzi a m'mijigo yambiri ya mu Lusaka ali ndi laimu, sopo sachita thovu msanga, ndiye mutha kuwonjezera pang'ono. Mizani quilt yonse, muisunthesunthe mphindi khumi. Madzi akada msanga, tayani nthawi yomweyo muike ena. Akayamba kuchedwa kusintha, isiyeni maola 10 mpaka 12, mutaitsendereza ndi ndowa za madzi kuti pasakhale mbali yotulukira kunja, pakuti pamalire a madzi ndi mpweya ndi pamene pamatsala mzere wovuta kuchotsa. Tsukuluzani ndi madzi ozizira, muyang'ane. Banga likadalipo, bwerezani quilt isanaume. Dziwani kuti madzi otenthawa ndi a quilt ya thonje kapena poliyesitala. Wadding ya ubweya imafota n'kulimba.

Pali zinthu zitatu zimene zimaononga ntchito pa siteji imeneyi. Jik imachotsa banga pamodzi ndi maluwa a chitenge, n'kufooketsanso ulusi. Mankhwala omanga utoto monga Retayne ndi a nsalu imene sinasokedwe, pa quilt yothimbirira amamangirira banga lomwelo. Chachitatu ndi kusiya quilt yonyowa itaunjikana m'bafa mpaka m'mawa madzi mutataya kale, kofiira kutagona pa koyera.

Quilt yonyowa imalemera kwambiri, ndipo kuikoka pakona kumadula ulusi. Ifinyeni poitsendereza ndi manja, osaipota, muinyamule awiri itagona pa shiti. Yanikani choyala pamthunzi, nsalu ya kunsi ili pansi kuti madzi otsika asadutse m'zigamba zoyera. M'miyezi ya fumbi ndi mphepo, Ogasiti ndi Seputembala, phimbani ndi shiti ina yopyapyala. Mwini quilt mumuuze kuti maulendo awiri kapena atatu oyamba aichape yokha m'madzi ambiri ozizira, ndipo aiyanike nthawi yomweyo.