Momwe mungakonzere masabata atatu a diripi ya khansa kuti muzidyabe zokoma ndi kucheza

Odwala khansa ambiri a ku Kasungu amakalandirira mankhwala a m'diripi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 120 pa msewu wa M1. Nthawi zambiri diripi imakhala kamodzi pa masabata atatu, ndipo thupi limavutika ndi kutsitsimuka pafupifupi masiku omwewo ulendo uliwonse. Mukawadziwa masikuwo, zosangalatsa simuzisiya, mumangoziika pamalo pake.

Yambani ndi kope. Tsiku la diripi likhale tsiku 1, ndipo madzulo aliwonse muzilemba zomwe mwadya, ngati mwasanza, komanso ngati munatha kuyenda pabwalo. Kwa ambiri nseru imavuta masiku anayi oyamba, chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri pakati pa tsiku 7 ndi 14, kenako sabata yachitatu mphamvu zimabwerera. Kukaona adzukulu, kukaonera mpira, kukaimba kwaya, zonsezi zisungireni sabata imeneyo.

Masiku a nseru imwani mankhwala oletsa kusanza pa nthawi imene adokotala ananena. Ambiri amadikira kuti nseru iyambe, ndiye mapiritsi amabwerera asanagwire ntchito. Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, chakudya chitazizirako, chifukwa nthunzi ndiyo imanyamula fungo. Wina aphike, inu mukhale kutali ndi pamoto. Chimene osamalira odwala amalakwitsa mwachikondi ndi kupha nkhuku ya lokolo tsiku lobwera ku Lilongwe. Munthu akasanza chakudya chimene amachikonda amatha kudana nacho miyezi yambiri. Nkhukuyo kapena futali zidikire sabata yachitatu.

Pakali pano phala la mgaiwa ndi lokwanira, bola likhale lonona: m'kapu imodzi thirani masupuni awiri a nsinjiro ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira, ndipo ngati lilipo menyeranimo dzira phala likadali pamoto kuti lipse. Mtedza muusankhe musanasinje, wachuku ndi wonyala mutaye. Chakudya chikamamveka ngati chitsulo m'kamwa, siyani supuni yachitsulo, gwiritsani yapulasitiki.

M'kamwa musadikire zilonda. Mu lita imodzi ya madzi owiritsa sungunulani tiyisupuni imodzi ya mchere ndi imodzi ya soda, yemwe uja wophikira therere. Chukuchani n'kulavula mukatha kudya ndiponso pogona, ndipo madziwo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Zilonda zikatuluka siyani tsabola, mandimu ndi chimanga chokazinga, muzidya nthochi, mapeyala ndi mbatata yofewa. Zoyera ngati mkaka pa lilime zimafuna mankhwala a kuchipatala.

Sabata yachiwiri ndiyo yofunika maso. Gulani thermometer, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ku famase. Kutentha kwa thupi kukafika madigiri 38, kapena mukamanjenjemera, pitani ku chipatala cha boma cha Kasungu nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mutatenga buku lanu la kuchipatala, ndipo muwauze tsiku limene munalandira diripi. Musayambe mwamwa Panado musanayeze, chifukwa amatsitsa kutentha matenda akupitirira m'magazi. Gonani m'neti. Kucheza kusathe ayi, kungosintha malo: alendo akhale awiri kapena atatu, pakhonde kapena pansi pa mtengo, atasamba m'manja ndi sopo, ndipo wachifuwa kapena chimfine alonjere pafoni. Bawo ndi wailesi zilibe vuto. Kudimba mutha kupita m'mawa dzuwa lisanakule, mutavala chipewa, kukathirira mizere iwiri n'kubwerako, koma manyowa, khola la nkhuku ndi fumbi la m'chigafa cha fodya musiyire ena.

Ululu sufunika kuupirira, umalanda tulo ndi chilakolako cha chakudya. Achipatala akakupatsani morphine wamadzi, mankhwala amphamvu othetsa ululu, sizitanthauza kuti atayako mtima. Amamwedwa maola anayi aliwonse, osati ululu ukafika povuta, ndipo amadzimbitsa pafupifupi aliyense, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo, muzimwa madzi ambiri ndi kudya mapapaya akupsa. Amene muli pa ma ARV pitirizani osadumphitsa. Mankhwala azitsamba amene abale abweretsa muyambe mwawauza adokotala, popeza ena amalemetsa chiwindi ndi impso zimene zikulimbana kale ndi diripi.

Tsitsi limayamba kuthothoka pakatha masabata awiri kapena atatu pa mankhwala ena, ndipo limameranso mukamaliza. Kumeteratu ndi kusankha duku kapena chipewa chokukomerani kumachepetsa manyazi otuluka panja.

Ndalama ya minibasi ya ulendo wotsatira muipatule sabata yachitatu isanayambe, isathere ku zosangalatsa. Ku Lilongwe amayamba ayeza magazi, ndipo akakhala otsika amasuntha diripi, kawirikawiri ndi sabata imodzi. Zikatero musunthenso masiku a m'kope lanu, kuwerenga kuyambire tsiku limene diripi yalowadi.