Penti woyamba pa chitsulo chomwe mwachotsa dzimbiri

Mukapala dzimbiri pa geti kapena pa mafelemu a mawindo n'kupakapo mankhwala opha dzimbiri, musafulumire kupaka penti wonyezimira, chifukwa sachedwa kusupuka mvula ikayamba. Dikirani chitsulocho chide bii ndiponso chiume bwino, kenako pukutani fumbi lonse ndi kansalu kouma. Pa chitsulo wamba, yambani ndi primer, yemwe ndi penti woyamba, monga red oxide kapena wokhala ndi zinc phosphate, ndipo mupake kawiri, makamaka m'makona ndi mowotcherera momwe madzi amakonda kukhala.

Koma pa malata ndi mapaipi okutidwa ndi zinki, red oxide wamafuta sagwira, popeza zinkiyo imawononga mafuta a pentiyo mpaka amamatuka ngati chikopa cha njoka. Pamenepo gulani etch primer, yemwe amadya pang'ono pamwamba pa chitsulo kuti penti agwire, kapena primer wa galvanised, kutanthauza wa zitsulo zokutidwa ndi zinki. Chitsulo chikauma, pakani tsiku lomwelo, mame asanabwezeretse dzimbiri.